Nkhondo ya ku Cannae pa Tebulo

Ku Ulaya ndi ku America kuli anthu amene amacita masewera odabwitsa. Amayala mapu pa tebulo, naikapo tizidole ta asilikari kapena timapepala tolimba, namenyanso nkhondo zimene Aroma anamenya kale lomwe. Monga amacitira akatswiri a bawo, awiri amakhala moyang'anana, nalingalira asanasunthe kanthu. Koma malamulo a masewera awa ndi ambiri, ena odzaza buku lathunthu. Kuti timvetse cimene anthuwa amafuna, tiyeni tione nkhondo imodzi imene amaikonda kwambiri.

M'caka ca 216 Kristu asanabadwe, Aroma anakomana ndi Hannibal pa Cannae, m'mbali mwa mtsinje wa Aufidus, kumwera kwa Italy. Hannibal anali kazembe wa ku Carthage, mzinda umene unali m'dziko limene lero ndi Tunisia. Polybius, mlembi wa mbiri, akuti Aroma anali ndi asilikari a pansi 80,000 ndi apakavalo 6,000, pamene Hannibal anali ndi a pansi 40,000 ndi apakavalo 10,000. Atsogoleri a Aroma anali awiri, Paullus ndi Varro.

Hannibal anaika anthu a ku Gaul ndi a ku Spain pakati, ndipo asilikari a ku Africa anawaika ku mbali ziwiri. Aroma atakankha, a pakati aja anayamba kubwerera m'mbuyo pang'ono-pang'ono. Aroma anayesa kuti apambana, ndipo analowa mothinana ngati nsomba zolowa m'mono. Pamenepo a ku Africa anawapanikiza uku ndi uku, ndipo apakavalo a Hannibal, atapitikitsa apakavalo a Aroma, anatseka kumbuyo. Mlembi wina, Livy, akuti tsiku limenelo anafa asilikari a pansi 45,500 ndi apakavalo 2,700. Paullus anafera pomwepo, koma Varro anathawa.

Kuyambira pamenepo anthu akhala akufunsana kuti, kodi Aroma akadacita mwina akadapulumuka? Funso limeneli ndilo limakhazika anthu pa tebulo.

Masewera otere anakulira ku Prussia, m'dziko la Germany. M'caka ca 1824 msilikari wina, Georg von Reisswitz, anasindikiza malamulo a masewera ochedwa Kriegsspiel, amene atate wace anayamba. Ankasewera pa mapu eni-eni, ndi tizitsulo tofiira ndi ta buluu, ndipo pankakhala woweruza. Cinali cophunzitsira akulu a nkhondo. Pambuyo pace anthu wamba anawatenga. Ku Britain, m'caka ca 1965, Tony Bath anayambitsa bungwe la Society of Ancients, la anthu okonda kusewera nkhondo zamakedzana. M'caka ca 1992 ku America kunaturuka masewera ochedwa SPQR, olembedwa ndi Richard Berg ndi Mark Herman, ndipo Cannae alimo.

Tsono opanga masewera anapeza bvuto lalikulu. Wosewera amaona bwalo lonse ali pamwamba ngati kabawi, ndiponso anawerenga kale m'buku msampha wa Hannibal. Varro sanali wotero. Iye anali pakati pa pfumbi ndi phokoso, ndipo mau ace sakadafika kutali. Ngati wosewera aloledwa kusuntha gulu liri lonse monga afuna, Aroma sadzalowa konse mu msampha, ndipo masewerawo adzakhala onama.

Ici ndico cifukwa cace malamulo amaculuka: nchito yao ndi kumanga manja a wosewera. Mu SPQR mtsogoleri ali yense ali ndi malire a kutalika kumene mau ace angafike, ndi a malamulo amene angapereke pa nthawi imodzi. Gulu la asilikari limayamba kusokonezeka likamamenyana kapena likamayenda pa malo oipa, ndipo likasokonezeka kwambiri limathawa. M'masewera ena ochedwa De Bellis Antiquitatis, amene Phil Barker ndi anzace anaturutsa m'caka ca 1990, mbali iri yonse iri ndi magulu 12 okha. Wosewera amaponya dayisi, kanthu ka mbali 6 ka madontho, ndipo madontho amene aoneka pamwamba ndiwo amanena kuti angasunthe kangati gulu limodzi kapena magulu ogundana pamodzi. Akapeza dontho limodzi, ena onse amangoima, ngakhale mdani akudza kumbuyo.

Motero munthu amalawako pang'ono kubvutika kwa mtsogoleri amene aona tsoka likudza koma sangathe kutembenuza anthu ace. Amaphunziranso kuti kuculuka kwa Aroma sikunawathandize pamene anasowa malo otambasulira mikono.

Koma inu owerenga mukumbukire kusiyana kumodzi. Masewera akatha, tizidole tonse timabwerera m'bokosi, ndipo mawa Varro angayesenso. Amuna amene anagona pa Cannae anali ndi akazi ndi ana, ndipo sanabwerere kwao.