Manyowa m'minda ya mawere ku Nkhotakota

Manyowa ndi chakudya cha mbewu chochokera ku ndowe, zinyalala ndi zotsalira za m'munda zikawolerana. M'mbali mwa nyanja ku Nkhotakota, komwe anthu amadalira chinangwa ndi mpunga, mawere amalimidwa pang'ono chabe, makamaka kuti apangire chimera cha thobwa ndi mowa. Dothi lambiri kumeneko ndi lamchenga, ndipo mvula ikagwa yamphamvu feteleza amalowa pansi mizu isanamupeze. Manyowa amagwirizanitsa dothilo kuti lisunge chinyontho ndi chonde. Amachepetsanso kaufiti, amene amakonda nthaka yoguga.

Alangizi amaphunzitsa manyowa a m'dzenje, a chimato ndi a Mbeya. A Mbeya ndi amene atchuka masiku ano feteleza atakwera mtengo: mlimi amasakaniza ndowe zouma, gaga, phulusa ndi feteleza pang'ono, n'kuwaza madzi, kenako amamanga zonse m'thumba lokhala ndi pulasitiki mkati kwa masiku 21. Masamba a msangu nawonso amathandiza, chifukwa amayoyoka nthawi ya dzinja. Ndowe zosawolerana zimawotcha mbewu zanthete ndipo zimabweretsa njere za udzu m'munda, choncho musazithire zikadali zaziwisi.