Bungwe la Vincent de Paul Woyera: Mmene Ophunzira Asanu ndi Mmodzi Anayankhira Funso Lowawa



Lamulungu Misa ikatha, anthu akuthamangira kumakwawo, m'maparishi ambiri mumatsala kagulu ka anthu kamene kamakhala pansi pa mtengo kapena m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi. Ambiri a iwo ndi amayi ndi abambo a imvi kumutu. Amayamba ndi pemphero, amafotokozerana za mabanja amene awayendera mkati mwa sabata, kenaka amayendetsa kathumba ka zopereka. Amenewa ndi a bungwe la Vincent de Paul Woyera. Ife achinyamata timawapatsa moni mwaulemu n'kudutsa, mumtima tikuti limeneli ndi bungwe la agogo, tidzalowa tikadzakula. Koma mbiri ikutitsutsa. Amene anayambitsa bungweli anali ophunzira a pa yunivesite, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe mwa ophunzirawo amene anali atapitirira zaka 23. Sabata ino tiyeni tibwerere kumene zinayambira.

Frédéric Ozanam anabadwa pa 23 Epulo 1813 mumzinda wa Milan, koma anakulira ku Lyon m'dziko la France. Bambo ake anali dokotala amene ankathandiza osauka ambiri mwaulere, ndipo mayi ake ankayendera odwala m'makomo. M'banjamo munabadwa ana 14, koma ambiri anamwalira ali aang'ono, kotero kuti Frédéric anadziwa maliro asanadziwe zambiri za dziko. M'chaka cha 1831 anapita ku Paris kukaphunzira zamalamulo pa yunivesite ya Sorbonne.

Paris wa masiku amenewo unali mzinda wa zowawa. Anthu ankachoka kumidzi kudzafuna ntchito m'mafakitale, n'kumadzazana m'tizipinda tachinyezi topanda madzi abwino. M'chaka cha 1832 kolera anagwa mumzindawo ndipo anapha anthu oposa 18,000, ambiri a iwo ochokera m'madera a osauka. Ife amene tinaona kolera wa 2022 ndi 2023 kuno kwathu sitifunika kutifotokozera kuti matendawa amasankha khomo la yani. Pa yunivesite napo zinthu sizinali bwino kwa mkhristu. Aphunzitsi ena ankanyoza Mpingo poyera m'kalasi, ndipo wophunzira wopita ku Misa ankaonedwa ngati wotsalira.

Ozanam ndi anzake sanabisale. Ankasonkhana m'gulu la zokambirana za mbiri yakale limene ankatsogolera bambo wina wotchedwa Emmanuel Bailly, mkonzi wa nyuzipepala ya La Tribune Catholique. Khomo linali lotseguka kwa okhulupirira ndi osakhulupirira omwe, ndipo mtsutso unkatentha. Anyamata achikatolika ankadziwa kulankhula. Ankatchula masukulu, zipatala ndi nyumba za amonke zimene Mpingo unamanga m'zaka zamakedzana. Tsiku lina mnyamata wina wotsatira maganizo a Saint-Simon anawavomereza kuti kale Mpingo unachitadi zazikulu, koma anawafunsa kuti tsopano ukuchitanji, ndipo iwo eni ake odzitcha Akatolika angaonetse ntchito ziti zotsimikizira chikhulupiriro chawo.

Funso limeneli linawalasa. Akanatha kukwiya, kapena kukakonza yankho lanzeru la sabata yotsatira. Koma Ozanam anazindikira kuti wotsutsayo wanena zoona, ndipo kuti funso lake ndi lomwe lija la Yakobo Woyera m'mutu wachiwiri wa kalata yake, lokhudza chikhulupiriro chopanda ntchito. Nkhani imene a bungweli amasimba mpaka lero imati madzulo ena Ozanam ndi mnzake wogona naye nyumba imodzi, Auguste Le Taillandier, anatenga nkhuni zimene anasunga kuti aziwotha m'nyengo yozizira n'kukazipereka kwa munthu wina wosauka. Kumeneko kumazizira mpaka madzi kuuma, choncho anyamatawa anapereka chinthu chimene iwo eni akanachifuna usiku womwewo.

Pa 23 Epulo 1833, tsiku limene Ozanam ankakwanitsa zaka 20, anthu asanu ndi awiri anakumana mu ofesi ya nyuzipepala ija, pafupi ndi tchalitchi cha Saint-Sulpice. Ophunzira anali asanu ndi mmodzi: Frédéric Ozanam, Auguste Le Taillandier, François Lallier, Paul Lamache, Félix Clavé ndi Jules Devaux. Wachisanu ndi chiwiri anali a Bailly, amene anyamatawo anawapempha kuti akhale wapampando. Gulu lawo analitcha Msonkhano wa Chifundo. Mfundo yake inali yachidule: kupemphera limodzi, kuyendera osauka m'nyumba zawo, ndi kusonkha kangachepe kuchokera m'matumba awo.

Komatu mtima wofuna kuthandiza pawokha sudziwa njira. Anyamatawa anali ana a m'mabanja opeza bwino, ndipo sankadziwa kuti osauka amakhala kuti, kapena kuti pakhomo la munthu wovutika amafikapo bwanji. Anapita kwa Sisteri Rosalie Rendu, wa chipani cha Ana Aakazi a Chifundo, amene anali atatumikira zaka zoposa 30 m'dera la Mouffetard, limodzi mwa madera osaukitsitsa a Paris. Sisteriyu anawapatsa mayina a mabanja oti awayendere ndi timapepala tokatengera buledi. Koposa zonse anawaphunzitsa khalidwe: kulowa m'nyumba ya wosauka mwaulemu, kukhala pansi, kumvetsera, ndi kusaweruza. Tizindikire bwino apa kuti anyamata ophunzira kwambiri anadzichepetsa n'kukhala ana a sukulu a mayi amene ankadziwa njira zonse za m'deralo. Paja akuluakulu amati safunsa anadya phula.

M'mwezi wa Febuluwale 1834 gululi linasankha Vincent de Paul Woyera kukhala nkhoswe yake. Ambiri timaganiza kuti woyerayu ndiye anayambitsa bungweli, koma iye anamwalira mu 1660, zaka 173 bungweli lisanabadwe. Anamusankha chifukwa cha zimene anachita. Mu 1617, ali bambo mfumu ku Châtillon, analengeza pa Misa za banja lina limene onse anali kudwala. Akhristu anakhamukira kumeneko tsiku lomwelo ndi chakudya chochuluka, ndipo Vincent anaona kuti chambiri chiwonongeka, kenaka banjalo libwerera ku njala. Choncho anasonkhanitsa amayi a m'parishimo n'kuwagawira masiku, aliyense tsiku lake. Phunziro lake linali lakuti chifundo chopanda dongosolo chili ngati moto wa mapesi, umene umayaka kwambiri n'kuzima msanga.

Dongosolo limeneli ndi limene ophunzira a ku Paris anatengera, ndipo mu 1835 analilemba kukhala malamulo a bungwe. Mamembala azikumana kawirikawiri, poyamba sabata iliyonse. Msonkhano uziyamba ndi kutha ndi pemphero. Aliyense azifotokoza za banja limene wayendera, ndipo gulu lonse ligwirizane chithandizo choyenera. Zopereka zizisonkhedwa mobisa, kuti wopereka zambiri asadzitame ndipo wopereka zochepa asachite manyazi. Wosauka azithandizidwa posayang'ana mpingo wake kapena maganizo ake a ndale. Ndalama za osauka zisasungidwe ngati chuma cha bungwe. Ndipo utsogoleri ukhale m'manja mwa akhristu eni ake, mogwirizana ndi ansembe, koma osawasenzetsa ansembe katundu yense.

Tisaganize kuti zonse zinayenda mosalala. Pofika kumapeto kwa 1834 mamembala anali atachuluka kufika pafupifupi 100, ndipo misonkhano inkatalika mpaka nkhani za mabanja osauka zinkangothamangitsidwa. Ozanam anapereka maganizo akuti gululi ligawidwe. Ena anakana kwamtuwagalu, poopa kuti ubwenzi wawo utha. Panali mkangano waukulu ndi misozi pakati pa abwenzi. Pomaliza anavomera kugawikana mu 1835. Akanakakamira kukoma kwa kukhala pamodzi, bungweli likanathera m'chipinda chimodzi cha ku Paris. Koma pamene ophunzira ankamaliza maphunziro n'kubwerera kwawo, ankayambitsa nthambi kumeneko: ku Nîmes mu 1835, ku Lyon mu 1836. Mu 1844 bungweli linafika ku England ndi ku Ireland, mu 1845 ku St. Louis m'dziko la America, ndipo mu 1856 linafika ku Cape Town, kummwera kwa Africa. Papa Gregory XVI analivomereza mu 1845.

Ozanam mwini wake anakhala mphunzitsi wa mabuku a mayiko akunja pa Sorbonne. Mu 1841 anakwatira Amélie Soulacroix, ndipo anabereka mwana mmodzi wamkazi dzina lake Marie. Kukwera masitepe a nyumba za osauka kunamutsegula maso pa chinthu china. Anaona kuti ambiri amene ankawapatsa buledi anali anthu ogwira ntchito kuyambira m'mamawa mpaka usiku, koma malipiro awo sankakwana kudyetsa ana. Anayamba kuphunzitsa ndi kulemba za malipiro oyenera ndi za ufulu wa antchito, makamaka mu 1848 pamene ku France kunali chipwirikiti, kudzera m'nyuzipepala ya L'Ère nouvelle. Akatolika ena olemera anamuda chifukwa cha zimenezi. Komabe zambiri zimene ankanena zinadzamveka m'kalata ya Papa Leo XIII yotchedwa Rerum Novarum mu 1891. Kwa iye, kumanga bala ndi kufunsa amene akuvulaza anthu zinali ntchito ziwiri za mkhristu mmodzi. Anamwalira ku Marseille pa 8 Sepitembala 1853, ali ndi zaka 40 zokha.

Bungweli linakumananso ndi mayesero iye atapita. Mu 1861 boma la Napoleon III, poona kuti bungweli lakula ndipo silili m'manja mwake, linalamula kuti likulu lake lithetsedwe pokhapokha litalola mtsogoleri wosankhidwa ndi boma. Atsogoleri ake anakana, ndipo likululo linakhala lotsekedwa ku France mpaka 1870. Nthambi zina zinafa, koma zambiri zinapitiriza kuyendera osauka mwakachetechete. Panalinso chofooka cha mkati: kwa zaka zambiri bungweli linali la amuna okhaokha, ngakhale kuti mphunzitsi wake woyamba anali mayi. Amayi anayambitsa lawo ku Bologna mu 1856, ndipo mabungwe awiriwa anadzaphatikizana mu 1967. Lero aliyense amene wakhalapo pa msonkhano wa nthambi ya m'parishi akudziwa kuti amayi ndiwo asenza mbali yaikulu ya ntchitoyi.

Masiku ano bungweli lili m'mayiko oposa 150, kuphatikizapo Malawi ndi Zambia, ndipo mamembala ake ndi pafupifupi 800,000. Pa 22 Ogasiti 1997, pa msonkhano wa achinyamata a dziko lonse ku Paris, Papa John Paul II analengeza Frédéric Ozanam kukhala Wodala m'tchalitchi cha Notre-Dame, ndipo anauza achinyamatawo kuti iyenso anali membala wa bungweli ali wophunzira, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse isanayambe. Sisteri Rosalie analengezedwa Wodala mu 2003. Mnyamata wina wa ku Turin, Pier Giorgio Frassati, amene ankayendera osauka monga membala wa bungweli ndipo anamwalira ndi poliyo mu 1925 ali ndi zaka 24, analengezedwa Woyera ndi Papa Leo XIV pa 7 Sepitembala 2025.

Tsono funso lija la ku Paris latipeza ifenso. Timayimba bwino m'kwaya, timavala yunifolomu zokongola pa misonkhano ya achinyamata, ndipo timadziwa kuteteza Mpingo anzathu akatifunsa za Amayi Maria kapena za Papa. Zonsezi ndi zabwino. Koma mnzathu wina atatifunsa kuti timuonetse ntchito zathu, tingamutengere pakhomo la yani? M'mphakati mwathu muli agogo amene denga lawo limadontha mvula ikayamba. Muli odwala amene akusowa wowatungira madzi, ana amasiye amene asiya sukulu chifukwa chosowa sopo ndi makope, ndi akaidi amene palibe wowayendera. Pamene namondwe wa Freddy anagwetsa nyumba m'chigawo cha kummwera mu Malichi 2023, tinasonkha zovala ndi ufa mwachangu, ndipo tinachita bwino. Koma ndi angati mwa ife amene anabwereranso kwa mabanjawo patatha miyezi itatu? Apa ndi pamene phunziro la ku Châtillon likutikhudza.

Tisanamizire umphawi wathu. Ophunzira aja analibe thumba la chithandizo lochokera kunja. Anali ndi nkhuni, miyendo ndi madzulo a tsiku limodzi pa sabata. Ifenso tili ndi manja ofolera denga, olima kamunda ka agogo, ochapa zovala za wodwala. Tili ndi akuluakulu aja otsala pansi pa mtengo Misa ikatha, amene akudziwa khomo lililonse la wovutika monga Sisteri Rosalie ankadziwira Mouffetard. Mphamvu zawo zikuchepa, ndipo ngati sitilowa m'malo mwawo, mayina a mabanja amene iwo amasunga pamtima adzapita nawo limodzi. Mutu umodzi susenza denga.

Lamulungu likudzali tisathamangire kunyumba. Tikhale nawo pa msonkhano wawo, timvetsere, ndipo tipemphe kuti atitenge awiriawiri pa ulendo wawo wa sabata imeneyo. Kumene kulibe nthambi ya bungweli, tikambirane ndi bambo mfumu ndi atsogoleri a mphakati, tiyambe ndi banja limodzi. Tisanapite, tiwerenge ndi kusinkhasinkha Mateyo 25:31-46 ndi Yakobo 2:14-17. Pa 9 Sepitembala timakumbukira Wodala Frédéric Ozanam, ndipo pa 27 Sepitembala timachita chaka cha Vincent de Paul Woyera. Masiku amenewa akatipeze tili ndi dzina la banja limene taliyendera.

Vincent de Paul Woyera, mutipempherere. Wodala Frédéric Ozanam ndi Wodala Rosalie Rendu, mutipempherere. Amen.