Mbiri ya Inshuwalansi ya Ana a M'mabanja Ovutika ku America

Ku United States, ndalama za kuchipatala zimalipidwa kudzera mu inshuwalansi, ndipo mabanja ambiri amaipeza kumene makolo amagwira ntchito. Boma linayamba kulipirira anthu osauka mu 1965, pamene Pulezidenti Lyndon Johnson anasainira lamulo lokhazikitsa Medicaid. Koma panatsala gulu lina lalikulu: ana a makolo amene ankapeza ndalama zopitirira pang'ono malire a Medicaid, koma zosakwanira kugulira inshuwalansi ya kumakampani. Pofika mu 1997, ana pafupifupi 10 miliyoni analibe inshuwalansi iliyonse.

Ganizo la Pulezidenti Bill Clinton loti aliyense m'dzikomo akhale pa inshuwalansi linagwa mu 1994. Aphungu ena anaona kuti nkhani ya ana okha ikhoza kudutsa mosavuta. Ted Kennedy wa chipani cha Democratic ndi Orrin Hatch wa Republican, anthu osiyana maganizo pa zinthu zambiri, anagwirizana pa mfundo imeneyi ndipo anapempha kuti msonkho wa fodya ukwezedwe kuti papezeke ndalama. Lamulo linasainidwa mu Ogasiti 1997, ndipo ndondomekoyo tsopano imadziwika kuti CHIP.

Kapangidwe kake nkomwe kanakopa mbali zonse ziwiri. Boma lalikulu ku Washington limapereka gawo lalikulu la ndalama, koma chigawo chilichonse chimasankha chokha kukulitsa Medicaid, kuyambitsa ndondomeko yapadera, kapena kuchita zonse ziwiri. Kufooka kwake kuli pomwepo: ndalama zimavomerezedwa kwa zaka zowerengeka, kotero nkhaniyi imabwereranso ku nyumba ya malamulo nthawi ndi nthawi.

Mu 2007, Pulezidenti George W. Bush anakana kawiri kusainira bilu yokulitsa CHIP. Pulezidenti Barack Obama anasainira bilu yofanana nayo mu Febuluwale 2009, ndipo biluyo inakweza msonkho wa paketi ya ndudu kuchoka pa masenti 39 kufika pa $1.01. Pofika mu 2016, ana opanda inshuwalansi anali atatsika kuchoka pa 14 mu 1997 kufika pa 5 mwa ana 100 alionse. Ndalama za CHIP zinatha pa 30 Seputembala 2017 aphungu akukanganabe, zigawo zina nkuyamba kuchenjeza makolo kuti thandizo lingaime, mpaka zinavomerezedwanso mu Januwale 2018.