Kukumba ndi Kukumbuka

Mwezi wa Ogasiti ukamatha, adzukulu anga, kwathu kuja kumunsi kwa Lirangwe, kumene njanji yochokera ku Blantyre imatsetsereka kulowera ku Shire, tchire lonse linkakhala litapsa, ndipo ife anyamata tinkalawira m'mamawa ndi timakasu tathu kukakumba mbewa pa lupsa. Anandiphunzitsa ntchitoyi ndi agogo anga aamuna, obereka mayi anga, munthu wosalankhulalankhula, amene phazi lawo lamanzere linalibe chala chimodzi chifukwa cha matekenya a kunkhondo. Ankagwada pa una, nkulowetsamo kamtengo, nkumakumba pang'onopang'ono motsata kumene kamtengoko kakuloza, pakuti mbewa njochenjera, imakhotetsa njira, imatseka pakati ndi dothi, ndipo wokumba mwaphuma amautaya una uli pamphuno pake pomwepo. Tsiku lina tili m'thengomo ndinawafunsa dzina la mudzi umene amayi awo anabadwira. Anakhala chete nthawi yaitali, khasu lili m'manja, maso ali kumapiri a ku Neno. Kenaka anati, "Taima mwanawe, ndikukumba." Atalipeza dzinalo anandiuza kuti kukumbuka nkukumba, ndipo mawu awiriwa iwo ankawatenga ngati ana a mimba imodzi.

Inu masiku ano mumati kukumbuka, mumati kukumbukira, mumangosinthanitsa, ndipo palibe mlandu. Koma m'khutu mwanga, mmene ndinawamvera kwa akuluakulu aja, mawuwa sayenda mofanana. Kukumbuka ndi mlendo wofika osatumiza mthenga. Fungo la mvula yoyamba pa dothi louma, kulira kwa njiwa masana a Okutobala, chigumu chophikira pa masamba a nthochi chikangokhudza lilime, basi mtima wafika kale kumene sunautume. Kukumbukira kumafuna kukukhalira pansi, kuyala zinthu chimodzichimodzi monga mayi ayala ufa pa mphasa, ndipo nthawi zambiri kumakhala ndi mwini wake amene ukumuchitira. Munthu wopita ku tauni ankauzidwa kuti, "Mukatikumbukireko kumeneko," ndipo aliyense ankadziwa kuti akunena kamchere kapena kasopo.

Apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse. Mlendo akatulukira pabwalo patapita miyezi, agogo anga aakazi, asanamulandire ndi katundu yemwe, ankaomba m'manja nkunena kuti, "Mwatikumbuka lero!" Sankanena za m'mutu mwa mlendoyo ayi. Ankanena za fumbi limene lili kumapazi kwake ndi kankhuku kamene kali m'khwapa. Munthu wongoganizira abale ali khale kwawo, osaponda njira, osatumiza ngakhale kachinangwa, kwathu sitinkati wakumbuka. Kukumbuka kunkaoneka ndi maso, kunkanyamulidwa pamutu, kunkadyedwa.

Nanga kukumbutsa? Ameneyu anali mawu aulemu kwambiri. Munthu amene unamubwereka nkhwangwa kapena mashereni awiri sankabwera kudzakuuza kuti bweza. Ankakhala pakhonde, nkufunsa za ana ndi za mbuzi, dzuwa nkupendeka, kenaka pochoka nkunena chapansipansi kuti, "Ndimati ndingokumbutsako kaja." Motero ankakusiyira ulemu wako, ngati kuti vuto ndi kuiwala chabe, osati kuuma mtima. Ankhoswe ankakumbutsa banja zimene linalonjeza, mwini mbumba ankakumbutsa alongo ake malire a munda, kuti kuyambira pachulu paja kukafika pa mtengo wa mlambe, ndipo pabwalo la milandu munthu wamkulu akati "ndikumbutseko bwalo", onse ankati zii. Wakutsina khutu ndi mnansi. Ndipo mnansi woposa onse ali m'kati mwako momwemo, amene dzina lake ndi chikumbumtima. Taonani mmene mawuwo anamangidwira: kukumbuka ndi mtima zili pamodzi. Ukaba dzungu m'munda mwa mwini usiku, wopanda wokuona, mtima umakhala ukukukumba mpaka tambala woyamba.

Zonse zinkasungidwa mumtima, si m'mutu. Ngakhale kusukulu ya mishoni kumene ndinayambira, tinkati kuloweza pamtima. Tinkalemba pa sileti, ndipo sileti yake inali imodzi, yofufuta ndi malovu phunziro lina likafika, choncho chimene sunachilowetse mumtima chinkapita ndi malovuwo. Katekisimu, mavesi, masamu ochulukitsa, zonse tinkaimba mofuula pansi pa mtengo wa mango mpaka zitalowa. Agogo aakazi sanapondeko kusukulu, koma anali ndi sileti yawoyawo, chingwe cha luzi chopachika kutsindwi. Agogo aamuna akanyamuka ulendo wa masiku khumi, iwo ankamanga mfundo khumi, nkumamasula imodzi dzuwa likalowa. Lero mukamva munthu pamsonkhano akuti ali ndi mfundo zitatu, ine ndimaona chingwe chija.

Zaka nazo sitinkaziwerenga ndi manambala. Pa kalembera wa 1966, mnyamata wa boma atafunsa agogo aakazi chaka chimene anabadwa, iwo anati, "Nkhondo ya Chilembwe inandipeza nditayamba kubereka ana a eni kumsana." Mnyamata uja anawerengera chambuyo kuchokera mu 1915, nalemba. Wina ankati anabadwa chaka cha dzombe, wina chaka cha fuluwenza imene inabwera nkhondo ya Chiwaya, ya 1914 mpaka 1918, itangotha, wina chaka chimene Napolo anatsika m'phiri la Zomba, mu 1946. Zoopsa ndi zimene zinali zikhomo zokolekapo moyo wa munthu. Zikanenedwa kawiri katatu pamoto, ana nkuzitola, zinkasanduka mbiri, mawu omwewo amene timanenera nkhani yomveka kutali ndiponso dzina labwino kapena loipa limene munthu amayenda nalo.

Koma chikhomo chachikulu kwa ife a ku Lirangwe, Lunzu ndi Matope ndi njala ya 1949. Ndinali kamnyamata kotha kuthamangitsa mbuzi. Mvula inayamba bwino, chimanga nkumera, nkufika m'mawondo, kenaka chakumapeto kwa chaka kumwamba kunangoti mbee, milungu nkumapita, chimanga nkupota masamba ngati anyezi, nkuuma chiimirire. Nkhokwe zitatha tinadya gaga, gaga atatha tinadya malambe, mango aawisi owiritsa ndi tsinde la nthochi losinja. Amayi ankalowa m'thengo kukakumba mpama, umene umafuna kuuwiritsa ndi kuutaya madzi kangapo, pakuti wophika mwachangu chifukwa cha kulira kwa ana ankaledzeretsa nyumba yonse, ndipo ena sanadzuke. Apa ndi pamene ndinaona kuti kukumbuka kumadyetsa anthu. Atsikana a msinkhu wa mayi anga sankaudziwa mpama. Anawatsogolera ndi amayi okalamba amene anauona pa njala zakale ali ana, nakumbuka tsamba lake, malo ake m'mbali mwa makwawa, ndi kaphikidwe kake. Akulu ndi m'dambo mozimira moto. Boma linadzatsegula malo ogawira chimanga, anthu nkumaima pamzere kuyambira mbandakucha, koma pofika nthawi imeneyo ambiri miyendo inali itatupa.

Amuna ananyamuka kukasuma. Mawu amenewanso mukuwataya: kusuma ndi kupita kutali kukagwira ntchito kapena kusinthitsa kanthu kuti upeze chakudya cha ana. Ankaoloka Shire, nkukwera mapiri kulowera ku Neno, ku Mwanza, ku Ntcheu, ena mpaka m'dziko la Apwitikizi, kugona m'mitengo poopa afisi ndi mikango, nkubwera ndi kathumba ka chimanga kapena mbatata pamutu. Ena anabwerera. Ena anapeza nsima kumeneko, napeza ndi mkazi wophika nsimayo, osadzaonekanso. Amayi otsala anawaika amuna otere m'nyimbo za pamtondo, ndipo zaka makumi awiri pambuyo pake ndinkamvabe nyimbozo mbandakucha, munsi ukugunda, dzina la munthu likutchulidwa. Imaiwala ndi nkhwangwa, mtengo suiwala.

Kuiwala kuli pawiri, adzukulu anga. Kulipo kuiwala mpeni kudimba, kumene timangoti pepani. Ndiye kulipo kuiwala anthu, ndipo kumeneku tinakupatsa dzina lakelake: kutchona. Mtchona ndi munthu amene anapita ku Salisbury, ku Bulawayo, ku Wankie kapena ku Joni, chaka nkutha, zaka zisanu, makalata nkuleka, mabulangete nkuleka. Akale ankapita wapansi, a selefu odzipitira okha osalembetsa, kudzera ku Mwanza ndi Tete, kuoloka Zambezi pa bwato mtima uli m'mwamba chifukwa cha ng'ona. A msinkhu wanga ankalembetsa ku Wenela nkukwera ndege, mpaka ngozi ya ku Francistown mu Epulo 1974, imene inapha anyamata athu oposa 70 akubwerera kwawo, Kamuzu nkuletsa ulendowo. Atsibweni anga anatchona zaka 23. Agogo aakazi sanalole kuti nyumba yawo igwetsedwe, ankaizira chaka ndi chaka, ndipo munthu akawauza kuti angotaya mtima, ankayankha kuti madzi saiwala khwawa. Anabweradi atsibweniwo, imvi zili mbuu, atanyamula sutikesi imodzi ndi chifuwa cha kumigodi. Anandiuza kuti zaka zonsezo sanaiwale ngakhale tsiku limodzi, chinawamanga miyendo ndi manyazi obwera chimanjamanja. Anali akupukwa. Kupukwa ndi kukumbuka kumene kwasowa njira, kumene kumadwalitsa, munthu nkumaonda chakudya chili pamaso, monga amachitira mwana amene amake apita kutali. Kwanu nkwanu, m'thengo mudalaka njoka. Koma agogo, ngakhale analira ndi chimwemwe, anawauza poyera kuti kupukwa kwawoko sikunafoleretse denga.

Ndipo amene ankaopedwa koposa akaiwalidwa ndi akufa. Maliro sankatha tsiku loika. Pankabwera m'meto, abale nkumetana tsitsi, ndiye miyezi ikapita, anthu atakolola, ankafulula mowa wa chikumbutso, umene ena amautcha bona, mudzi wonse nkusonkhana, ng'oma nkulira usiku wonse. Mwana akadwaladwala, kapena wina akalota malemu ataima pakhomo osalankhula, akuluakulu ankayang'anana nkunena kuti, "Akudandaula kuti tawaiwala." M'mawa mwake agogo aakazi ankatenga kaufa ka mapira m'kachipanda, nkupita patsinde pa mtengo wa msolo, nkumathira pang'onopang'ono akutchula mayina, amayi awo, ambuye awo, alongo a ambuyewo, mpaka kumene mayina ankathera, ife tikuomba m'manja mwakachetechete. Ine ndinabatizidwa, ndipo pa Mgonero ndimamva mawu akuti chikumbukiro monga analembera m'Buku Lopatulika la 1922, koma sindinganyoze zimene ndinaona pansi pa msolo uja, pakuti mayina asanu ndi awiri amene ndikuwadziwa a mbumba yathu ndinawatola pamenepo. Mwana akabadwa ankapatsidwa dzina la malemu, ndipo azakhali ake omwe ankamugwadira kamwanako nkumakatchula kuti amayi. A Kumbukani ndi a Chikumbutso amene mwadzaza nawo m'masukulu, kafunseni kwanu kuti amene ankakumbukidwa mmene munkabadwa anali yani.

Pamanda tinkabzalapo nkhadze ndi kuikapo mbale yoboola ya mwini wake. Ziliza za simenti zolembedwa mayina zabwera ndikuona. Sindizida, koma ndaonapo chiliza chokongola chimene adzukulu a mwini wake sadziwa njira yopitira. Chikumbutso chachikulu chimene ndinachiona ndili mnyamata ndi nsanja ya njerwa ija ya ku Zomba, pafupi ndi Cobbe Barracks, yokumbukira asilikali a King's African Rifles amene anafa pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, kumene mwezi wa Novembala amakaika nkhata za maluwa. Agogo aamuna sanali msilikali. Anali wa tengatenga, mmodzi wa anthu osawerengeka amene anagwidwa m'midzi kukasenza katundu wa nkhondo kulowera ku Karonga ndi kupitirira, akudya phala losapsa, akusiya anzawo m'mbali mwa njira. Nditawauza za nsanjayo anandifunsa ngati anzawo atatu a m'mudzi mwathu analembedwapo. Kenaka anawatchula okha mayina, mmodzimmodzi, ndi malo amene aliyense anagonekedwa.

Agogo aakazi ndiwo anakhalitsa, mpaka ine nditakhala ndi ana angaanga. Zaka zawo zomaliza zinthu zinayamba kuwathawa. Ankaiwala kuti adya, ankasochera pakati pa nyumba ndi chitsime, ndipo ine ankanditchula dzina la mlongo wawo amene anamwalira ndisanabadwe. Anthu ena m'midzi muno akaona nkhalamba yotere amathamangira kunena za ufiti, ndipo zimenezi zimandiwawa kwambiri, pakuti ndi ukalamba chabe, ndi matenda ofuna chifundo. Ife tinkangovomera dzina lililonse limene atipatsa. Koma ukawaika munsi m'manja, nyimbo za pamtondo zija zinkatuluka zonse, osaphonya ndi liwu limodzi. Ndipo madzulo alionse, mkazi wanga akawapatsa nsima, ankadya theka, theka linalo nkulikulunga m'kansalu nkulibisa kumutu kwa mphasa. Tikawafunsa ankatinong'oneza kuti tisauze munthu, ndi ya ana, bambo awo sanabwere kosuma. Mkazi wanga ankaichotsa m'mawa iwo asanadzuke, nkuchapa kansaluko, nkukabwezera pamalo pake.