Mwana wa Banja Lotha: Mwambo, Shariya ndi Malamulo a Boma ku Mitundu ndi Nathenje

Banja likatha ku Mitundu kapena ku Nathenje, mafunso amene amafika kwa shehe ndi awiri: mwana akhala kwa yani, ndipo amudyetsa ndani? Pa mwana mmodzi pamakumana malamulo atatu: mwambo wa makolo, Shariya ndi malamulo a boma. Lililonse lili ndi mbiri yake, ndipo woweruza amene sakuidziwa akhoza kupondereza mwana akuganiza kuti akutsata dini.

Achewa a kummwera kwa Lilongwe amawerengera mtundu kuchikazi. Pa chikamwini mwamuna ankamanga nyumba kwawo kwa mkazi ndi kulima munda wa akuchikazi. Ngakhale pa chitengwa, ana ankakhalabe a mbumba ya mayi wawo. Ankhoswe akalephera kuyanjanitsa banja, mkamwini ankanyamula zake kubwerera kwawo, ana n’kutsala m’manja mwa mwini mbumba, amene ndi atsibweni awo. Ayao, amene ndiwo ambiri mwa Asilamu a dziko lino, nawonso ndi a kuchikazi. Motero Chisilamu chitafalikira m’zaka za m’ma 1800, kudzera mwa Jumbe wa ku Nkhotakota ndi mafumu a Chiyao, chinapeza anthu amene mwana wawo sachoka kwa mayi, koma bambo wosudzulidwa safunsidwa kanthu.

Fiqh imagawa nkhaniyi patatu: hadhana ndiko kulera mwana, nafaqa ndiyo chakudya, zovala ndi pogona, ndipo wilaya ndiwo uyang’aniro wa maphunziro, chuma ndi ukwati wake. Pa hadhana, mayi ndiye woyamba. Abu Dawud analandira hadisi ya mayi amene mwamuna wake, atamusiya, ankafuna kumulanda mwana. Mtumiki (swalla Llahu alayhi wasallam) anapereka mwanayo kwa mayi malinga ngati sanakwatiwenso. M’chaka cha 7 cha Hijra, Ali, Ja’far ndi Zaid atalimbirana kulera mwana wamkazi wa Hamza, Mtumiki anamupereka kunyumba ya Ja’far chifukwa mkazi wake anali mbale wa mayi a mwanayo. Ngakhale Umar ibn al-Khattab, atafuna kutenga mwana wake Asim, Abu Bakr anamulamula kuti amusiye kuchikazi, monga mmene Imam Malik analembera mu Muwatta.

Mazhabu anayi amasiyana pa nthawi imene hadhana imathera. Ahanafi amati mnyamata akhale kwa mayi mpaka zaka 7, mtsikana mpaka zaka 9. Amaliki amafikitsa mnyamata pa kutha msinkhu, mtsikana mpaka atalowa m’banja. Ahanbali amati pa zaka 7 mnyamata asankhe, mtsikana apite kwa bambo. Mazhabu a Imam Shafi’i, amene Asilamu ambiri a kuno amatsata, amati mwana akayamba kuzindikira, cha m’ma zaka 7, asankhe yekha, kaya ndi wamwamuna kapena wamkazi. Imam Nawawi, amene anamwalira mu 1277, anafotokoza kuti mnyamata wosankha mayi azigona kwa mayi, koma masana azikhala ndi bambo kuti aphunzire mwambo ndi ntchito. Mayi akakwatiwa ndi mlendo, hadhana imapita kwa agogo akuchikazi isanafike kwa bambo. Apa Shariya ndi mbumba zikuyenda njira imodzi.

Zimasiyana pa nafaqa. Surat al-Baqarah, ndime 233, imaika chakudya ndi zovala za woyamwitsa pa bambo, ndipo imaletsa kuzunza mayi kapena bambo chifukwa cha mwana wawo. Surat at-Talaq, ndime 6 ndi 7, imalamula kuti wosiyidwa akamayamwitsa alipidwe, ndi kuti aliyense apereke malinga ndi kupeza kwake. Hind bint Utba atadandaula kuti Abu Sufyan ndi woumira, Mtumiki anamulola kutenga zokwanira iye ndi ana ake mosapyola muyeso. Udindo umenewu sukutha ndi talaka, ndipo susamukira kwa atsibweni bambo ali moyo ndipo ali ndi mphamvu.

Boma la atsamunda silinapereke malo ku fiqh ya Asilamu achikuda. Lamulo la 1929 la maukwati linali la Amwenye okha, pamene nikah ya Myao kapena Mchewa inkaonedwa ngati ukwati wa chikhalidwe. Kuyambira 1933 milandu yotere inkaweruzidwa m’mabwalo a mafumu motsata mwambo, ndipo pa nthawi ya Kamuzu Banda inali m’makhothi a chikhalidwe mpaka dziko linasintha mu 1994. M’zaka zomwezo amuna ankapita ku Salisbury ndi ku migodi ya Johannesburg, ena osabwerako. Mbumba inkatha kusenza ana awo chifukwa malo olima analipo ndipo zofuna ndalama zinali zochepa. Lero munda wachepa, feteleza amafuna ndalama, ndipo atsibweni akulimbana ndi ana awo omwe. Mwambo unamasula bambo, koma amene ankalowa m’malo mwake watopa.

Malamulo a boma anatsatira mochedwa. Gawo 23 la malamulo aakulu a dziko a 1994 limapatsa mwana ufulu wodziwa makolo ake ndi kuleredwa nawo. Lamulo la chisamaliro ndi chitetezo cha ana la 2010 limaika udindo wosamalira mwana pa makolo onse awiri, ndipo khothi likhoza kulamula kholo kupereka chithandizo. Lamulo la maukwati la 2015 linaika ukwati wa chipembedzo pa mlingo umodzi ndi wa kwa DC ndi wa chikhalidwe. Mu 2017 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa kuti mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Muyeso wa khothi ndi ubwino wa mwana, umene ma ulama anautcha maslaha kalekale.

Choncho bambo amene wagulitsa fodya kapena mtedza pamsika wa Mitundu n’kunena kuti ana ndi a kuchikazi, wasemphana ndi Qur’an komanso boma. Akuchikazi amene amabweza bambo pakhomo pamene wabwera kudzaona mwana, adula chibale chimene Allah analamula kuti chilumikizidwe. Mayi amene wapita kwa majisitireti, ankhoswe ndi mzikiti atalephera, sanatuluke m’dini; akufuna zimene Hind anapatsidwa. Mashehe tikamaweruza talaka, tisabalalike tisanalembe pamaso pa mboni kumene mwana azikhala, zimene bambo azipereka pa mwezi kapena pa kholola, ndi masiku oonana. Allah ndiye wodziwa koposa.