Hotela za m'mapiri

Hotela za m'mapiri ndi malo ogona alendo omangidwa pamalo okwera ndi ozizira, kumene anthu amakapumula, kukwera mapiri kapena kuchita masewera a nyengo yachisanu.

Chiyambi: Ku Ulaya, mwambo wokacheza kumapiri nthawi yachisanu unatchuka ku St. Moritz m'dziko la Switzerland kuyambira 1864, kudzera mwa mwini hotela Johannes Badrutt. Alendo kumeneko amatsetsereka pa chipale chofewa atavala timatabwa titalititali kumapazi, masewera otchedwa ski.

Kuno kum'mwera kwa Africa, masewerawa amachitikira ku Afriski, m'mapiri a Maluti ku Lesotho, kuyambira Juni mpaka Ogasiti.

Ku Malawi: Chipale chofewa sichigwa, choncho alendo amatsata mphepo yozizira, nkhalango, mbalame ndi nyama. Kufupi ndi Lilongwe kuli malo ogona m'nkhalango ya Dzalanyama, yomwe idakhala yotetezedwa mu 1922 ndipo ndi gwero la mtsinje wa Lilongwe. Paphiri la Zomba pali Sunbird Ku Chawe. Ku Nyika kuli Chelinda, komwe mame amaundana paudzu m'mamawa mu Juni ndi Julayi. Paphiri la Mulanje, lomwe nsonga yake Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, pali tinyumba togona okwera phiri monga Chambe, Lichenya ndi Thuchila.

Mamangidwe: Zambiri n'zamiyala kapena matabwa, zokhala ndi malo osonkhapo moto m'kati, mabulangete ochindikala ndi khonde loyang'ana kuchigwa.

Onaninso: zokopa alendo, nkhalango yotetezedwa, malo osungirako nyama zakutchire.