Chifukwa chake mlendo saloledwa kuphunzitsa Chingerezi m'makomo ku South Korea

Mauthenga amene amandipeza kuno ku South Korea kuchokera ku Mangochi masiku ano amafanana. Wina anatsiriza kukoleji ya zauphunzitsi koma boma silinamulembe ntchito, wina ali ndi digiri koma akugulitsa mayunitsi pa M'baluku, ndipo onsewa anamva kuti ku South Korea Chingerezi ndi ndalama. Funso limakhala lakuti, "Achimwene, nditafika kumeneko, sindingamaphunzitseko ana m'makomo mwa anthu madzulo?" Yankho ndi lakuti ayi. Ukagwidwa umalipitsidwa chindapusa, akhoza kukulanda viza, kukukweza ndege ndi kukuletsa kubweranso. Lamuloli silinayambire pa alendo. Muzu wake ndi mkangano wakale wa Akoreya okhaokha, ndipo munthu akaudziwa amamvetsa chifukwa chake anthu kuno salitenga mwamasewera.

Akoreya anayamba kalekale kukhulupirira mayeso. Kuyambira chaka cha 958 mpaka 1894, mafumu awo ankasankha ogwira ntchito m'boma kudzera m'mayeso ovuta kwambiri, ndipo wokhoza ankakweza banja lake lonse. Kenako kunabwera ulamuliro wa Japan kuyambira 1910 mpaka 1945, ndi nkhondo ya 1950 mpaka 1953 imene inasiya mizinda ili phulusa. Dziko lopanda mafuta, la mapiri ambiri, linatsala ndi anthu ake basi. Pamene ife timalandira ufulu mu 1964, Mkoreya wamba anali wosauka ndithu, ndipo khomo lotulukira mu umphawiwo ankaliona pa sukulu yabwino.

M'chaka chomwecho cha 1964 kunachitika nkhani imene akuluakulu kuno amaikumbukirabe. Mu Disembala, ana a ku Seoul analemba mayeso olowera sukulu zapakati. Funso lina linali lokhudza kaphikidwe ka switi yawo ya mpunga: chimera chikasowa, angathiremo chiyani? Amene mumaphika thobwa mukudziwa ntchito ya chimera. Olemba mayeso ankafuna yankho lakuti diastase, koma pa mayankho osankhawo panalinso madzi a radish, ndiwo ya mizu imene amadya tsiku lililonse, ndipo madziwo amagwiradi ntchitoyo. Ana amene anasankha radish anawalepheretsa, ena n'kuphonya sukulu yapamwamba chifukwa cha malikisi a funso limodzi. Amayi awo anakaphika switiyo ndi madzi a radish n'kupita nayo kwa akuluakulu a zamaphunziro kuti alawe okha. Nkhani inafika kukhoti, makolo anapambana mu 1965, ndipo akuluakulu ena anachoka pa maudindo. Awa anali ana a zaka 12 kapena 13, amene ankagona mochedwa chifukwa cha aphunzitsi apadera olipidwa ndi makolo.

Boma la Pulezidenti Park Chung-hee linayesa kuzimitsa motowu. Mu 1968 linalengeza kuthetsa mayeso olowera sukulu zapakati, ndipo mu 1974 linayamba kugawa ana m'sukulu za sekondale mwa maere ku Seoul ndi ku Busan. Mpikisano sunathe. Unangosamukira pakhomo la yunivesite, ndipo olemera anapitiriza kugulira ana awo aphunzitsi.

Park anaphedwa mu Okutobala 1979. Mkulu wa asilikali Chun Doo-hwan analanda mphamvu, ndipo mu Meyi 1980 asilikali ake anapha anthu ambiri ochita zionetsero mumzinda wa Gwangju. Munthu wa magazi m'manja chonchi ankafuna chinthu chomukondetsa kwa anthu wamba. Pa 30 Julayi 1980, iye ndi anzake analetsa kuphunzitsa ana mwapadera kunja kwa sukulu m'dziko lonse. Chilango sichinkagwera mphunzitsi yekha. Kholo logwira ntchito m'boma linkachotsedwa ntchito, wamalonda ankatumiziridwa ofufuza za misonkho, mwana ankalangidwa kusukulu. Osauka ambiri anasangalala, ndipo sindiwaimba mlandu, popeza anatopa kuona mwana wa bwana akudutsa wawo chifukwa cha chikwama cha bambo ake.

Zotsatira zake zinali zoipa. Kuphunzitsako kunalowa mumdima. Aphunzitsi ankabwera usiku anthu atagona, ena ankaphunzitsira m'galimoto, ena ankanamizira kuti ndi achibale odzacheza. Poti ntchitoyo inali yoopsa, mtengo unakwera, ndipo okhawo a ndalama zambiri ndi amene anakwanitsa. Mu 1989 boma linalola ophunzira a m'yunivesite kuti aziphunzitsa, ndipo mu Epulo 2000 khoti loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula kuti chiletsocho chinkaphwanya ufulu wa makolo ndi ana. Kuchokera pamenepo boma linasiya kuletsa, linayamba kulondalonda. Wophunzitsa m'makomo amayenera kukalembetsa ku ofesi ya zamaphunziro ya dera lake ndi kunena mtengo umene amalipiritsa. Sukulu zapadera zamadzulo, zimene amazitcha hagwon, ku Seoul zimayenera kutseka 10 koloko usiku.

Ife a kunyanja sitidabwa kuona mwana akuweruka kusukulu n'kupita ku madrasa, kapena wa Sitandade 8 akubwerera kwa aphunzitsi madzulo makolo atasonkha kangachepe. Koma kuno kukula kwake ndi kwina. Mu 2023 mabanja a ku South Korea anawononga ma won oposa 27 thiriliyoni pa maphunziro apaderawa, pafupifupi madola 20 biliyoni a ku America. Ndalama imeneyi ikuposa chuma chonse chimene Malawi amapanga pa chaka. Mukadutsa ku Daechi-dong m'dera la Gangnam ku Seoul usiku, msewu umadzaza ndi magalimoto a makolo odikira ana. Tsiku la mayeso olowera ku yunivesite mu Novembala, ndege siziloledwa kunyamuka kapena kutera pa nthawi imene ana akumvetsera gawo la Chingerezi. Akoreya ambiri amanena poyera kuti mtengo wophunzitsa mwana ndi chimodzi mwa zifukwa zimene akuopera kubereka.

Alendo analowa mu nkhaniyi m'zaka za m'ma 1990. Pulezidenti Kim Young-sam ankafuna dziko lotseguka kunja. Mu 1995 inayamba ndondomeko imene lero imatchedwa EPIK, yobweretsa aphunzitsi akunja m'sukulu za boma, ndipo mu 1997 Chingerezi chinayamba kuphunzitsidwa kuyambira kalasi yachitatu ya pulayimale. Aphunzitsiwa amalowa ndi viza ya E-2, imene imamangidwa pa olemba ntchito ndi pamalo amene analembetsedwa. Kuphunzitsa mwana wa neba Loweruka n'kulandira envulopu ndi kugwira ntchito kunja kwa chilolezo. Boma lili ndi zifukwa zake. Ndalama ya m'makomo siikhoma msonkho, palibe amene amaona zimene zikuchitika m'chipindamo, ndipo eni ma hagwon amene analipirira mphunzitsi ndege ndi nyumba safuna kuti awalande makasitomala. Mu 2007, atagwidwa ku Thailand munthu wina wa ku Canada wogwirira ana amene ankaphunzitsa ku Korea, malamulo anakhwima: anayamba kufuna chikalata cha kupolisi ndi kuyeza magazi. Kuyeza HIV mokakamiza kunathetsedwa mu 2017, mabungwe a United Nations atadzudzula kuti kunali tsankho.

Pali mbali imene imandipweteka, ndipo sindiibisa. Viza ya E-2 yophunzitsira Chingerezi kwenikweni imaperekedwa kwa nzika za maiko asanu ndi awiri: America, Britain, Canada, Ireland, Australia, New Zealand ndi South Africa. Malawi palibe, Zambia palibe, Kenya ndi Ghana palibenso. Ife amene sitingalandire satifiketi ya MSCE tisanakhoze Chingerezi, amene makhoti athu ndi nyumba ya malamulo zimayendera chilankhulochi, timawerengedwa ngati osachidziwa. Mphunzitsi amene waima pa bolodi ku Namwera kapena ku Malindi zaka khumi sangalandire vizayi, pomwe mnyamata wa ku London wa digiri iliyonse, amene sanagwirepo choko, amailandira. Chifukwa choteteza ana ndimachimva ndipo ndimachilemekeza. Kusankha mphunzitsi poyang'ana chikuto cha pasipoti sindikuvomereza.

Ena a kwathu amaganiza kuti poti South Africa ili pa mndandanda, kukhala ku Joni kumathandiza. Sikuthandiza. Amafuna unzika weniweni wa dzikolo ndi digiri ya ku yunivesite ya limodzi mwa maiko amenewo. Chilolezo chogwirira ntchito ku Johannesburg kapena ku Durban sichikusandutsa nzika, ndipo aliyense wokuuzani kuti mutumize ndalama akukonzereni mapepala a E-2 pa pasipoti ya Malawi akufuna kukuberani.

Amalawi ambiri amene ndakumana nawo kuno anabwera ngati ophunzira, pa viza ya D-2. Yesero limawapeza msanga. Mayi wina kutchalitchi kapena pa basi akamva Chingerezi chako amakupempha kuti uzicheza ndi mwana wake ola limodzi pa sabata, ndipo ndalama imene amatchula imaposa ya maola angapo otsuka mbale. Wophunzira amaloledwa ganyu wa maola owerengeka akatenga chilolezo kusukulu ndi ku ofesi yoona za olowa ndi otuluka, koma kuphunzitsa ana m'makomo sikuli m'gulu la ntchito zimene amavomereza. Woneneza akhoza kukhala neba, mwini hagwon wapafupi, ngakhale kholo lomwelo mukasemphana pa malipiro. Amene ali ndi mpata ndi a viza za gulu la F, monga okwatirana ndi nzika za kuno kapena okhala ndi chilolezo chokhazikika, koma iwonso amayenera kukalembetsa kaye ku ofesi ya zamaphunziro asanalandire won imodzi.